Kodi dziko lingadzitsekere m'nyumba? Za America, Kamuzu ndi ife a ku Neno

Pali funso lina limene limabwera kawirikawiri pa phunziro la mbiri yakale ana akamakonzekera mayeso a MSCE, lakuti bungwe la League of Nations linalephera chifukwa chiyani. Mwana aliyense amaloweza yankho loyamba, lakuti dziko la America silinalowe nawo m'bungwemo. Amalemba, amapeza malikisi ake, n'kuiwala. Koma kuseri kwa yankho limeneli kuli funso lalikulu: kodi dziko lizingosamala za pakhomo pake, kapena lizilowerera nawo nkhani za maiko ena? Funsoli si la azungu okha ayi. Kuno kwathu linagawanitsa nduna za boma mu 1964, linakhetsa mwazi m'mapiri athu omwewa mu 1967, ndipo linadzaza msasa wa Luwani ndi anthu othawa nkhondo. Tiyeni tiliyambire ku America konko, kenaka tibwere nalo kumudzi.

Mu 1796, George Washington potsazika pa upulezidenti analangiza anthu ake kuti asamamange mapangano amuyaya ndi maiko akunja. Mu 1823, Pulezidenti James Monroe anauza maiko a ku Ulaya kuti asalowerere nkhani za maiko a mbali ya America, ndipo naye sadzalowerera za ku Ulaya. Dziko la America linalowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1917. Nkhondo itatha, Pulezidenti Woodrow Wilson ndi amene analimbikira kuti pakhale League of Nations, koma nyumba ya malamulo ya Senate inakana pangano la Versailles mu Novembala 1919, n'kulikananso mu Malichi 1920. Mu 1924 anakhwimitsa malamulo olowera m'dzikomo, mu 1930 anakweza misonkho ya katundu wochokera kunja, ndipo kuyambira 1935 mpaka 1937 anakhazikitsa malamulo oletsa kugulitsa zida kapena kubwereketsa ndalama kwa maiko amene ali pa nkhondo. Kudzipatula kumeneku kunatha m'mawa umodzi, pa 7 Disembala 1941, ndege za Japan zitaphulitsa Pearl Harbor. Pambuyo pake dziko lomwelo ndilo linatsogolera kukhazikitsa United Nations mu 1945, Marshall Plan mu 1948 ndi NATO mu 1949.

Pa mbiri imeneyi pali zinthu ziwiri zimene ndimafuna mwana azigwire. Choyamba, dziko la America linkatha kulankhula za kudzipatula chifukwa lili pakati pa nyanja ziwiri zikuluzikulu za mchere, Atlantic ndi Pacific, ndipo lili ndi chakudya, malasha, chitsulo ndi mafuta akeake. Chachiwiri, kudzipatulako sikunali kwathunthu. M'zaka zomwe ankakana za ku Ulaya, asilikali a America anali ku Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934, komanso ku Nicaragua. Choncho dziko likanena kuti likudzipatula, tizifunsa kuti latseka chitseko chiti, ndipo lasiya chiti chotsegula.

Tsono m'zaka zimenezi ku America kunali mnyamata wina wochokera ku Kasungu. Hastings Kamuzu Banda anafika kumeneko mu 1925, anaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, anatenga digiri ku University of Chicago mu 1931, n'kumaliza za udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Pamene ankabwerera kuno pa 6 Julayi 1958 anali munthu wokhulupirira maiko a kumadzulo ndi wodana kwambiri ndi chikomyunizimu. Koma dziko limene analandira pa 6 Julayi 1964 silinkafanana ndi America ngakhale pang'ono. Linalibe doko, linalibe migodi yodalirika, ndipo ndalama zina zoyendetsera boma zinkachokera ku Britain. Njanji imodzi yokha yofika ku nyanja ya mchere inkapita ku Beira, m'dziko la Mozambique limene linali m'manja mwa Apwitikizi. Amuna ambirimbiri ankagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya ku South Africa ndi Southern Rhodesia. Tayang'anani mapu, muona kuti chigawo chonse cha kummwera chinalowa m'mimba mwa Mozambique, ndipo ife a ku Neno tili pa nthiti penipeni.

Pa msonkhano wa OAU ku Cairo mu Julayi 1964, Kamuzu anauza atsogoleri anzake poyera kuti malo amene Malawi ali sakumulola kudula ubale ndi Portugal. Nduna zake zachinyamata sizinakondwe nazo. Iwo ankafuna Malawi ayime pamodzi ndi maiko a Africa amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Kanyama Chiume, nduna yoona za kunja, anabwera ndi uthenga wakuti boma la China la ku Peking linali lokonzeka kupereka ndalama zokwana mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi atalivomereza, koma Kamuzu anakana. Panalinso nkhani zina, monga tiki imene anthu ankalipira ku chipatala, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ndi chizolowezi cha Kamuzu chotchula nduna zake kuti anyamata. Pa 7 Seputembala 1964 anachotsa ntchito Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere anachita chimodzimodzi atabwerako ku Canada. Ufulu unali usanakwanitse ndi miyezi itatu yomwe.

Apa ndi pamene nkhani ikufika kwathu. Mu Seputembala 1967 Malawi anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo kwa zaka zambiri linali dziko lokhalo lolamulidwa ndi anthu akuda limene linachita zimenezi. Mwezi wotsatira, mu Okutobala 1967, Yatuta Chisiza analowa m'dziko muno ndi kagulu kakang'ono ka anthu onyamula mfuti, kudzera dera lino la Mwanza ndi Neno, ndi cholinga chogwetsa boma. Asilikali a boma anawasaka m'mapiri ndi m'tchire, Chisiza anaphedwa, ndipo ena mwa amene anagwidwa anaweruzidwa kuti anyongedwe. Mkangano umene unayambira pa tebulo la nduna ku Zomba unathera kuno. Nthawi imeneyo Neno inali isanakhale boma palokha, poti inapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma malo ndi omwewa amene ana athu amadutsamo popita ku sukulu.

Kodi Kamuzu anapindula chiyani ndi njira imene anasankha? Tinene chilungamo, phindu linalipo. Britain itakana kupereka ndalama zomangira likulu latsopano, South Africa inabwereketsa ndalama zokwana 8 miliyoni za ma Rand mu 1968, ndipo mu 1975 likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Njanji yochokera ku Nkaya kukafika ku Nayuchi, imene inatilumikiza ndi doko la Nacala, inatsegulidwa mu 1970 ndi ngongole ya ku South Africa komweko. Dziko la Taiwan, limene Malawi anapanga nalo ubale mu 1966, linatumiza alangizi a ulimi wa mpunga. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, anabwera kuno mu Meyi 1970, ndipo Kamuzu anakacheza kumeneko mu Ogasiti 1971, kumene anamulandira ndi ulemu wonse wa mtsogoleri wa dziko. Iye ankanena kuti kunyanyala sikungasinthe mitima ya azungu a kumeneko, koma kucheza nawo. Ankanenanso kuti angathe kuchita pangano ngakhale ndi mdyerekezi ngati zingathandize anthu a ku Malawi.

Choncho amene amati Kamuzu anali wodzipatula amalakwitsa pang'ono. Iye sanatseke zitseko zonse. Anatsegula cha kummwera ndi cha kumadzulo, n'kutseka cha abale oyandikana nawo. Ubale ndi Tanzania ndi Zambia unazizira, poti kumeneko n'kumene kunathawira nduna zakale zija, ndipo mkangano wa malire a pa nyanja ndi Tanzania unabuka m'zaka zomwezo. Ku misonkhano ya OAU, Malawi ankaoneka ngati mwana wopanduka pa banja.

Walira mvula walira matope. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya WENELA inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito kumeneko. Patangopita masabata atatu, pa 25 Epulo 1974, asilikali anagwetsa boma la Portugal ku Lisbon. Pa 25 Juni 1975 Mozambique inalandira ufulu pansi pa FRELIMO ndi Samora Machel. Mu 1980 Rhodesia inasanduka Zimbabwe. Abwenzi awiri mwa atatu amene Kamuzu ankadalira anatha ngati mame, ndipo anthu amene ankawaona ngati zigawenga ndi amene anagwira makiyi a Beira ndi Nacala. Kamuzu sanali wogona. Mu Epulo 1980 Malawi anali m'gulu la maiko 9 amene anakhazikitsa SADCC ku Lusaka, ndipo mu 1981 msonkhano wa bungweli unachitikira ku Blantyre. Koma chikhulupiriro sichimera tsiku limodzi.

Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO itakula, njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zinaduka. Pofika mu 1984, fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta zimene zinkayenda makilomita osafika 1,000 zinayamba kuzungulira pa msewu mpaka ku Durban, mtunda woposa makilomita 3,000. Malole amene ankadutsa pa Zalewa kulowera ku Mwanza, Zobue ndi Tete ankayenda pa mndandanda moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo madalaivala ankatsazika mabanja awo ngati akupita ku nkhondo. Mtengo wa ulendo umenewu unkagwera munthu wamba pogula sopo, mchere ndi thumba la feteleza.

Boma la Mozambique linkanena kuti RENAMO ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi, ndipo boma la Malawi linkakana. Pa 11 Seputembala 1986, Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu maso ndi maso. Atabwerera kwawo, Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga yoloza kuno. Pa 19 Okutobala 1986 anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu Disembala chaka chomwecho maiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala, kumene ena anatayako miyoyo. Taganizani, dziko limene linkapewa nkhondo za anzake linatumiza ana ake kukafera njanji ya m'dziko la eni, chifukwa njanjiyo inali mtsempha wake.

Ndiye panali anthu. Pofika mu 1992 Malawi ankasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti ife eni tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje, Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi kuno ku Neno, alendo anagawana ndi eni mudzi madzi, nkhuni, zipatala ndi masukulu. Ambiri sanali alendo kwenikweni, poti malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa mabanja a chinenero chimodzi. Mitengo inatha m'malo ambiri ozungulira misasa. Koma m'mbiri yathu yonse ya za kunja, ine ndimaona kuti apa ndi pamene tinachita chinthu chonyaditsa koposa, ndipo anachichita ndi anthu wamba amene anadziwa kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri anabwerera. Msasa wa Luwani unatsekedwa mu 2007, koma mu 2016 unatsegulidwanso anthu oposa 10,000 atathawira ku Kapise m'boma la Mwanza chifukwa cha kumenyana kwatsopano m'chigawo cha Tete.

Kudzipatula kwenikweni kwa nthawi ya Kamuzu kunali kwa m'kati. Katundu ndi ngongole zinkalowa, koma maganizo ankaimitsidwa pa chipata. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mabuku ambirimbiri analetsedwa. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Atolankhani akunja ankathamangitsidwa, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, Kamuzu atamwalira kale. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi Mozambique. Maiko a kumadzulo ankaziona zonsezi n'kukhala chete, chifukwa pa mkangano wawo ndi Soviet Union, Kamuzu anali mbali yawo.

Khoma la Berlin litagwa mu 1989, ndipo Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, ntchito imene Kamuzu ankawagwirira inatha. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi. Mu Meyi 1992, pa msonkhano wa ku Paris, maiko othandiza anaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo mpaka ufulu wa anthu utalemekezedwa. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana. Abwenzi amene anagwiriziza mpando kwa zaka 30 ndi omwewo anathandiza kuugwedeza. Phunziro lake n'lakuti maiko akuluakulu sakonda munthu, amakonda zimene akupezapo.

Nkhaniyi sinathere pa Kamuzu. Bingu wa Mutharika anasiya Taiwan n'kupanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, zimene Chiume ankafuna zaka 43 m'mbuyomo, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga–Chitipa zinachokera pamenepo. Koma Bingu yemweyo anatsegulira doko la Nsanje mu Okutobala 2010 asanamvane bwino ndi Mozambique, mwini wake wa Zambezi wa kumunsi, ndipo dokolo silinagwire ntchito imene analimangira. Mu Epulo 2011 anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet. Thandizo linaima, mafuta ndi ndalama zakunja zinasowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Zitatero, bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation linaimitsa madola 350 miliyoni a ntchito za magetsi. Ndalamazo zinabwerera mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma, ndipo zina mwa izo ndi zimene zinakonzanso makina a Nkula A pa mtsinje wa Shire, pakhomo pathu pomwepa.

Tayang'anani Neno ya masiku ano. Njanji imene kampani ya ku Brazil ya Vale inayamba kumanga mu 2012 imadutsa m'boma lino itanyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala. Bungwe la Partners In Health la ku Boston, limene kuno timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linafika mu 2007 kudzagwira ntchito ndi unduna wa za umoyo ku Neno ndi ku Lisungwi. Mankhwala otalikitsa moyo amene apulumutsa abale athu ambiri akhala akubwera ndi ndalama za Global Fund ndi thandizo la PEPFAR, imene George W. Bush anakhazikitsa mu 2003. Ndiye pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuimitsa thandizo la kunja ndi kutulutsa dziko lake m'bungwe la WHO, ndipo pofika mu Julayi 2025 bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mtsutso wa mu 1919 uja unabweranso, ndipo ulendo uno unafika mpaka m'zipatala za kumudzi za m'dziko muno. Munthu wovota ku Ohio, kumene Kamuzu anaphunzira, sadziwa kuti kuli malo otchedwa Neno, koma voti yake imatipeza.

Ine maganizo anga ndi awa. America akhoza kutseka chitseko kwa zaka zingapo osafa ndi njala. Malawi sangathe, ndipo sanayambe wathapo. Kwa ife funso si lakuti tiyende ndi ena kapena ayi, koma lakuti tiyende ndi yani, ndipo titayepo chiyani. Kamuzu anawerenga mapu molondola mu 1964, ndipo nduna zake zinawerenga molondola kumene nthawi inkalowera. Iye anaona njanji ya ku Beira, iwo anaona kuti ulamuliro wa Apwitikizi ndi wa tsankho sudzakhalitsa. Tsoka lathu linali lakuti m'malo moti maganizo awiriwa akhale pa tebulo limodzi, ena anathera m'ndende, ena kunja, ena m'manda. Ku America, Wilson anatsutsidwa ndi Senate, nkhani n'kuthera pa voti. Kuno inathera pa mfuti.

Chachiwiri, bwenzi lakutali likhoza kusintha maganizo pa chisankho chimodzi, koma woyandikana naye sasamuka. Portugal inapita, boma la tsankho linapita, Taiwan tinasiyana nayo, USAID yatsekedwa, koma Tete ali pomwe anali. Ngati nkhondo ibuka kumeneko, oyamba kumva kugogoda usiku ndi anthu a m'malire muno, osati a ku Capital Hill.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi lakuti tikamaphunzitsa za League of Nations, tisamalekere pa mndandanda wa zifukwa. Tipachike mapu a kummwera kwa Africa pa bolodi, tigawe ana m'magulu awiri, ena akhale Kamuzu, ena akhale Chiume ndi Chipembere, ndipo aliyense ateteze mbali yake ndi zaka komanso umboni. Tiwatumenso akafunse agogo awo zimene anaona mu 1967 ndi m'zaka za othawa nkhondo, poti mboni zimenezi zikutha. Ndipo inu ana anga akale, amene ena muli ku Lilongwe, ena ku Johannesburg ndi Cape Town, mukamva andale akulonjeza kuti tidziimira patokha kapena kuti apeza bwenzi latsopano lotithandiza, muziwafunsa mafunso awiri: katundu wathu adzera njira iti, ndipo bwenzilo likadzasintha maganizo tidzagwira mtengo wanji?